Chisanu cha ku Dedza chinkandilowa mpaka mumtima

Shopu yanga chitseko chake chinayang'ana kummwera. Pomwe ndinkachita lendi sindinaganizeko zimenezo olo pang'ono, ndinangoona kuti ili pafupi ndi msika, anthu amadutsa, mashini anga awiri akwanamo pamodzi ndi tebulo lodulirapo nsalu, basi ndinalipira. Munali mu Okutobala nthawi imeneyo, kukutentha, ndie mthunzi wa mmenemo ndinkauona ngati mdalitso. Ndinadzazindikira Juni atafika kuti miyezi yozizira dzuwa limadzera chakumpoto, limawomba kuseli kwa nyumba, moti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mu shopu mwanga simulowa dzuwa ngakhale pang'ono. Anzanga a tsidya linalo la msewu amatulutsa mabenchi nkumaothera, ine ndili mkati ndi majuzi awiri, sokosi, chitenje ndafunda mmiyendo, zala zitauma gwa moti kulowetsa ulusi pa singano imakhala nkhondo.

Amene simunagonepo ku Dedza mu Juni kapena Julaye mwina muziona ngati tikuwonjezera. Boma lathuli lili pamtunda pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, palibenso tauni ina ku Malawi kuno yokwera kuposa ino, kenako phiri lija lili pamwamba pathu pompa mpaka mamita 2,198. Munthu wochokera ku Lilongwe, komwe ndi pafupi pomwepa, amatsika minibasi atavala malaya okha nkuyamba kufunsa komwe amagulitsa majekete a kaunjika. Mmamawa nkhungu imatsika kuchokera kuphiri nkuphimba msewu wa M1 mpaka magalimoto kumayenda atayatsa nyali, madzi a mu ndowa ukawakhudza mano amachita kuluma okha, ana akupita kusukulu manja ali mkhwapa milomo itang'ambika. Mbatata ya kachewere ndi kabichi zimakonda nyengo yathuyi, nde tinazolowera kunyadira kuzizirako. Koma pali china chomwe chisanuchi chimachita mwa anthu ena chomwe sitimakambirana, ndipo ine chinandigwira zaka zitatu zotsatizana ndisanachitchule nkomwe.

Chimayamba pang'onopang'ono. Kumapeto kwa Meyi ndimayamba kuchedwa kudzuka, ndimati aaa ndi bulangete lakoma. Kenako ndimaona kuti ndikugona 8 koloko usiku nkudzuka 7 koloko koma thupi lili ngati ndagona ola limodzi. Kwaya ndasiya, ndikuti kukuzizira. Foni ikaitana ndikungoiyang'ana mpaka idule. Tiyi makapu asanu patsiku wa shuga wambiri, mandasi, chipisi, nsima ya usiku yokha ndi yomwe sinkalowa. Mwana wanga wamkazi akabwera ndi kope kuti amama taonani ndakhoza ndimangoti chabwino osayang'ana nkomwe, iye nkuchoka mwakachetechete, kenako ndikalowa kuchipinda nkumakalira osadziwa chomwe ndikulirira. Chondizunguza mutu chinali choti panalibe chifukwa. Miyezi imeneyi anthu akolola, agulitsa mbatata, soya, nyemba, ndalama ili mmanja, zinkhoswe ndi maukwati Loweruka lililonse, telala sasowa ntchito. Ngongole ndinalibe, pakhomo panalibe maliro, bambo akunyumba sitinayambane. Koma nsalu za anthu zinkangounjikana patebulo ine nditakhala pa mashini phazi lili pa chopondera osapalasa, kuyang'ana khoma mwina mpaka theka la ola.

Seputembala akafika, kukayamba kufunda, zonse zimatha zokha ngati sizinachitike. Ndie chaka chotsatira ndimaiwala, mpaka zibwerenso.

Ndinayesa kuuzako anthu awiri atatu. Wina anati ndi maganizo chabe, usamaganize kwambiri, ngati kuti maganizo ali ndi switchi. Mayi wina wa kutchalitchi anandipempherera ndipo ndimamuthokoza mpaka lero chifukwa anabwera mpaka kunyumba ndipo anakhala nane madzulo onse. Winanso anangoti anthu a pa tauni mumadzimvera chisoni, ife kumudzi tilibe nthawi imeneyo. Mawu amenewo anandilowa, ndinatseka pakamwa, chifukwa ndinayamba kudziona ngati waulesi komanso wosayamika.

Amene anandigwira dzanja ndi mlamu wanga, mchemwali wa bambo akunyumba, yemwe ndi nesi. Anabwera pa shopu chaka chatha Juni ali pakati kudzayesa diresi la ukwati wa mnzake. Anapeza chitseko nditatseka, windo nditatseka, mbaula ya makala ili pansi pa tebulo ikunyeka. Sanandipatse ndi moni yemwe, anangokankha chitseko nkutulutsa mbaula ija panja ndi manja ake.

"Alamu, mukufuna tikupezeni mutauma muno? Mutu sukumakupwetekani?"

Ndinati umandipweteka tsiku lililonse masana. Anandiuza kuti makala akamayaka mchipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo, carbon monoxide, womwe umalanda malo a mpweya wabwino mmagazi, umayamba ndi mutu, chizungulire, kufooka, ndipo anthu amafa nawo ali mtulo nyengo ngati ino. Izi ndikulemba dala pano chifukwa ndikudziwa ambiri kuno timalowetsa mbaula kuchipinda usiku nkutseka paliponse, chonde tisiye. Atatha kukalipa anakhala pa benchi nkundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Koma inuyo muli bwino? Nkhope iyi si yanu." Apo nde ndinamasuka, ndinanena zonse, ndi zolira zomwe.

Sanaseke ndipo sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anandifunsa mafunso angapo, ngati ndikudya, ngati ndikugona, ngati zinandifikapo zoganiza zodzichotsera moyo, ndinati ayi zimenezo sizinandifike. Anati mawa lake ndipite kuchipatala akandiyeze magazi ndi BP kaye chifukwa kuchepa kwa magazi nakonso kumafooketsa munthu chimodzimodzi, ndinapita, zonse zinali bwino. Kenako anandifotokozera kuti kuli kukhumudwa kwina komwe kumayendera nyengo, madokotala anakupatsa dzina cha mma 1984 ku America, ndipo kumavuta kwambiri mmaiko akutali ngati Norway kapena Canada komwe nthawi yozizira dzuwa limangotuluka maola ochepa. Kwathu kuno kusiyana kwa usana wa Juni ndi wa Disembala sikufika ndi maola awiri omwe, ndie iye sanafune kundimata dzina la matendawo ayi. Koma anati taonani mmene mukukhalira. Mumachoka mnyumba nkukwera kabaza mutadzikulunga mpaka maso, mumalowa muno mopanda dzuwa, mumatuluka cha mma 5 dzuwa likulowa, kabaza kachikena, bulangete. Mdima wa ku Norway mwadzipangira nokha pa Dedza pompano. Thupi lili ndi wotchi yake mkati ndipo chimene chimaitchera ndi kuwala kwa mmamawa kolowa mmaso, kukasowa tulo timasokonekera, chilakolako cha chakudya chimasokonekera, mtima nawo umatsatira.

Mankhwala omwe anandilembera pakamwa anali oti ndiziyenda. Mphindi 30 mmamawa kukangowala, ndisanatsegule shopu.

Ndinakana poyamba, ndisaname. Ndinati alamu majowajowa ndi za mabwana a ku Lilongwe okhala ndi magalimoto, ine ndine munthu wogwira ntchito ndi manja, ndimatopa kale. Iye anangofunsa kuti kuyambira mmawa mpaka pano mwayenda mapazi angati, ndinawerenga mumtima, kuchoka pakhomo kufika pamsewu, kuchoka pa kabaza kulowa mu shopu, kupita kuseli kamodzi. Basi. Kutopa komwe ndinkamva sikunali kwa thupi logwira ntchito koma kwa thupi longokhala. Zinthu ziwirizi ndi zosiyana ndipo ndinazisiyanitsa bwino nditayamba kuyenda, kutopa kwa kuyenda kumabwera ndi njala ndi tulo, kutopa kongokhala kumabwera ndi kunyansidwa ndi chilichonse.

Tsiku loyamba ndimalikumbukira bwinobwino, linali Lachiwiri. Alamu anabwera okha kudzagogoda 6 koloko itangokwana pochokera ku ntchito ya usiku, maso ali psuu ndi tulo, ndipo ndikanakhala ndekha sindikanadzuka. Ndinavala thalauzi la bambo akunyumba mkati, chitenje pamwamba, juzi, mpango kumutu, nsapato zachinsalu zomwe ndinagula pa kaunjika kalekale. Kutsegula chitseko mphepo inandimenya kumaso mpaka misozi. Udzu wa mmbali mwa njira unali mbuu ndi mame, mpweya ukutuluka mkamwa ngati utsi, agalu atadzipinda paphulusa la dzulo osafuna ndi kuuwa komwe. Tinadutsa amayi atatu atasenza nkhuni akuchokera kuphiri, mmodzi ali ndi mwana kumbuyo, tinapatsana moni, ine manyazi anandigwira kuti awa adzuka kalekale pomwe ine ndikuchita kukokedwa. Mphindi 10 zoyambirira ndinkangodandaula mumtima, makutu akuwawa, mphuno ikuchucha. Koma titayamba kukwera kachitunda kopita chakuphiri ndinamva kutentha kukuyambira pamsana, kenako mmanja, zala zija zimauma tsiku lonse zinayamba kumasuka, ndinavula mpango. Pobwerera dzuwa linali litaboola nkhungu nkutiwomba kumaso ndipo ndinaima kaye pang'ono nditatsinzina. Ndinafika kunyumba ndili ndi njala yeniyeni, ndinadya phala mbale yodzadza, koyamba pa masabata angapo.

Ndisakunamizeni kuti ndinachira tsiku lomwelo. Pofika masana mtima unali utabwerera pomwe unali. Sabata yoyamba yonse inali choncho, mpumulo wa maola awiri atatu kenako kulemera kuja nkubweranso, akatumba akuwawa, ndipo Lachisanu sindinadzuke nkomwe. Chomwe chinayamba kusintha ndi tulo. Sabata yachiwiri ndinaona kuti ndikumagona tulo tenitenti, todzuka uli wopepuka, osati tija tomangokomoka. Kenako mutu unasiya, kaya ndi mbaula ija kaya ndi kuyenda kaya zonse. Cha mu sabata yachinayi ndinangodzipeza ndikuimba nyimbo ya kwaya ndikupalasa mashini, ndipo mtsikana amene amandithandiza kusita anasiya ayironi nkundiyang'ana, akuti amayi mwayambiranso kuimba. Ineyo sindinadziwe nkomwe kuti ndinali nditasiya.

Alamu sakanatha kubwera tsiku lililonse, ali ndi mashifiti awo. Anandiuza kuti ndipeze mnzanga, ndipo apa mpomwe pagona nkhani yonse kwa ine, kuposanso za mphindi ndi manambala. Munthu amene mtima wake wagwa sangadikire kuti chilakolako chibwere kaye kenako adzuke, sichibwera. Chimabwera uli kale panjira. Ndie pamafunika wina woti akutulutse mnyumba pa nthawi imene iwe ulibe mphamvu yodzitulutsa. Ine ndinapita kwa aneba anga, mayi wamkulu kwa ine, wamasiye, amagulitsa tomato ndi anyezi, omwe anauzidwa kuchipatala kuti BP yawo ndi yokwera ndipo aziyenda koma ankachita manyazi kuyenda okha. Tinapangana zophweka, amene wayamba kudzuka agogode pa windo la mnzake ndipo asachoke mpaka atatuluka. Alipo masiku omwe ndimamva kugogoda kuja mtima nkumati nenani kuti mwadwala, koma ndikaganiza kuti mayi wamkulu waima panja pa chisanu chifukwa cha ine ndimadzuka. Iwonso anandiuza kuti zimawachitikira chimodzimodzi ndikagogoda ine.

Anthu anayankhula, ndi pa Dedza pano. Ena amati azimayi awa akumapita kuti mmamawa opanda mtolo opanda ndowa, ena amati tikufuna kuonda kuti tioneke atsikana. A kabaza omwe ankandinyamula anafunsa ngati anandilakwira. Patatha mwezi mayi wina wa mu mzere wathu anatipeza panjira nkunena kuti nanenso ndiyambe nawo, pano tilipo asanu, pena asanu ndi mmodzi. Ndipo nkhani zomwe zimatuluka poyenda sizituluka titakhala pa mkeka. Kaya nchifukwa choti simukuyang'anana kumaso, aliyense akuyang'ana njira, munthu amangoyamba kunena za mwana wake amene wasiya sukulu, za mwamuna amene anapita ku Joni osatumiza kanthu, za usiku umene sagona. Mmodzi mwa ife anadzaulula kuti naye miyezi yozizira imamuvuta ngati ine ndendende, zaka zonsezi tikuonana pa mjigo osadziwana.

Za manambala, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata zogwiritsa ntchito thupi mwamphamvu pang'ono, ndie mphindi 30 masiku asanu zakwana, ndipo ana amafunika ola lathunthu tsiku lililonse. Mphamvu pang'onoyo alamu anandiphunzitsa kuiyeza mosavuta, uziyenda moti ukutha kuyankhula koma sungathe kuimba. Ife a kwaya tinayesadi pa chitunda chija, kuyamba nyimbo mzere woyamba usanathe mpweya wathawa, tinadziwa kuti liwiro lakwana. Ngati nyimbo ikutuluka bwinobwino mpaka kolasi ndiye kuti mukungoyenda kwa ku ukwati, onjezerani. Kuthamanga sikofunika, ine sindinathamangepo. Mkati mwa thupi akuti ukamayenda chonchi magazi amathamanga, ubongo umatulutsa timadzi tina, ma endorphin ndi anzake, tomwe timachepetsa ululu nkupepukitsa mtima, kenako kuwala kuja kumauza thupi kuti kwacha lisiye kutulutsa melatonin wobweretsa tulo, usiku nkudzamutulutsa pa nthawi yake. Ngakhale kunja kuli mitambo kuwala kwa panja kumaposa kutalitali kwa babu ya mnyumba. Nchifukwa chake ine ndimaumirira kuti kuyendako kuzikhala kwa panja ndiponso kwa mmawa ngati nkotheka.

Pena ndimaganiza za agogo anga kumudzi cha ku Bembeke. Sanamvepo mawu oti majowajowa koma nyengo ngati ino sankakhala pansi. Kukolola kukatha kunali kutong'ola, kusinja pa mtondo awiriawiri akuimba, kuzira nyumba, kumweta udzu wofolerera, kudimba, ndipo madzulo kapena kumapeto kwa sabata kunali magule, chimtali, chisamba, kwa Angoni ngoma amuna akuponda pansi mpaka fumbi kobo. Miyezi yozizira ndi yomwe inali ya zinamwali ndi ziliza, mudzi wonse panja, thukuta lili kamukamu pakati pa chisanu. Sindikunena kuti kale kunalibe okhumudwa, analipo, ndipo ntchito zinazo zinkawathyola misana azimayi, chigayo ndi mjigo ndi zabwino ndithu. Koma ife a pa boma amene timakhala mu shopu, mu ofesi, mu kabokosi ka Airtel Money kapena Mpamba kuyambira mmawa mpaka madzulo, tinachotsa kusinja ndi gule yemwe osaikapo kanthu mmalo mwake. Tinaikapo foni. Ine ndinkatha maola awiri ndili mu bulangete ndikungotsitsa Facebook, kuona anzanga akusangalala, nkudzuka pamenepo mtima utalemera kuposa poyamba.

Azibambo nde amandidetsa nkhawa kwambiri. Mzimayi amatha kulira kwa mnzake, bambo amauzidwa kuyambira ali mwana kuti mwamuna salira, ndie kukazizira mtima ukalemera njira yomwe amaidziwa ndi ya ku kachasu, akuti akukafunditsa thupi. Mowa sufunditsa, umangotsegula mitsempha ya pakhungu munthu nkumamva ngati watenthedwa pomwe kutentha kukuthawa mthupi, nchifukwa chake woledzera akagona panja mu Julaye zimatha kuipa. Umawononganso tulo ndipo mawa lake maganizo aja amabwera atachuluka. Tikamamva pa wailesi apolisi akunena za anthu odzipha ambiri amakhala amuna, izi tonse timazimva. Bambo akunyumba sindinawakakamize kuyenda nafe, sakanalola kuyenda pagulu la azimayi, koma anatulutsa njinga yawo yomwe inangokhala chipachikire, ndipo Lamlungu masana amapita kukamenya mpira wa madala ndi anzawo pa galaundi ya sukulu. Amabwera akutsimphina koma akuseka, ndipo usiku umenewo amacheza ndi ana.

Alipo masiku omwe kunja sikutulukika, kamvula kaja kowaza kopanda mapeto, mphepo, nkhungu yoti sukuona ndi nyumba ya aneba. Masiku amenewo sitiyenda mumsewu waukulu chifukwa woyendetsa galimoto sangakuone. Ndimatsegula wailesi nkuvina ndi ana pabalaza nyimbo zinayi zisanu, kapena kulumpha chingwe pakhonde, mwana wanga ndi amene amawerenga, kapena ndimakolopa nyumba yonse chowerama mofulumira mpaka thukuta. Ndi bwino kuvala zopyapyala zingapo kusiyana ndi chijekete chimodzi chachikulu, kuti ukatenthedwa uzivula chimodzichimodzi, ndipo ukafika kunyumba usinthe msanga zonyowa ndi thukuta. Ife sitinyamuka kusanawale, azimayi tisamayende mumdima komanso tisamalowe mnkhalango patokha. Mmodzi mwa ife ali ndi mphumu, mpweya wozizira umamutseka pachifuwa, ndie iye amaphimba pakamwa ndi mpango, amanyamula kopopera kake, ndipo kukazizira kwambiri amadikira dzuwa likwere. Amene muli ndi vuto la mtima, shuga, kapena ndinu oyembekezera, yambani mwafunsa kuchipatala kaye.

Kumapeto kwa Julaye chaka chathacho tinakwera phiri. Ndakhala pa Dedza zaka zoposa 10 ndikuliona tsiku lililonse koma ndinali ndisanapondeko pamwamba, ndinkaona ngati ndi za azungu obwera ku Dedza Pottery. Tinanyamuka Loweruka anthu asanu ndi awiri pamodzi ndi achimwene awo a mnzathu wina, titatenga mbatata yophika, nthochi ndi madzi mmabotolo. Tinatsata msewu wafumbi uja umakhotakhota kupita ku nsanja za mafoni, fungo la paini lili guu mmalo momwe mitengo idakalipo, kwina zitsa zokhazokha mpaka mtima kuwawa. Aneba anga aja anapuma kasanu, ine kanayi, pena ndinkaona ngati mawondo atuluka. Titafika ku nsanja mphepo inali yoti ikugwetse, tinakhala kuseli kwa mwala titaunjikana ngati anapiye. Pansi tauni yonse inkaoneka ngati timabokosi ta machesi, msewu wa M1 uli tambalale kulowera ku Ntcheu, kutsidya kwake Mozambique, uko mapiri a Chongoni komwe kuli zojambula za makolo pamiyala zomwe a bungwe la UNESCO anaziika pa mndandanda wawo wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2006. Ndinafufuza ndi maso mpaka ndinapeza dera la msika, ndinati shopu yanga ili penapake pamenepo, kachipinda kamdima komwe ndinkakhalamo nkumaona ngati dziko lonse lathera momwemo. Ndinalira pamenepo ndithu, aneba anangondigwira phewa osafunsa kanthu, kenako anandipatsa mbatata.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindikufuna wina andimve molakwa. Kuyenda kunandithandiza ine chifukwa kukhumudwa kwanga kunali kwapakatikati, ndipo sikuti kunachotseratu zonse. Chaka chino Juni atayamba kulemera kuja kunabweranso, kungoti kunapeza ndili kale panjira ndi anzanga ndie sikunandigwetse, masiku oipa analipo mwina anayi asanu osati miyezi itatu. Koma alipo matenda a maganizo omwe sangathe ndi kuyenda kokha, ndipo kuuza munthu wotero kuti tangodzukani muzithamanga ndi nkhanza. Ngati padutsa masabata awiri kapena kuposa munthu ali wokhumudwa tsiku lililonse, sakudya, sakugona kapena akungogona, wasiya kusamba, wasiya ntchito, makamaka akayamba kunena zoti bola kufa kapena ndatopa nawo moyo, ameneyo musamusiye yekha, mutengereni kuchipatala cha boma mukanene momveka kuti vuto ndi maganizo. Kuli anamwino ndi madokotala ophunzira za zimenezi, kuli uphungu, kuli mankhwala, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga. A St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ntchito yawo ndi yomweyi, chipatala chachikulu cha matendawa chili ku Zomba. Amene ali kale pa mankhwala asasiye chifukwa wayamba kuyenda ndipo akumva bwino, ziwirizi zimayendera limodzi. Alamu anandiuza mawu amenewa kawiri konse ndipo anandilonjezetsa kuti zikadzafika poipa ndidzawaimbira olo pakati pa usiku.

Shopu sindinasamuke, malo ndi abwino ndipo makasitomala anazolowera. Ndinangopempha eni nyumba kuti ndiike benchi kuseli komwe kumawomba dzuwa, anavomera. Ndie cha mma 10 ndimatenga ntchito za pamanja, kusoka mabatani, kupinda mmunsi mwa masiketi, kumasula ulusi, nkukakhala kumeneko ola limodzi msana uli kudzuwa, makasitomala akandisowa kutsogolo amadziwa kozungulira. Mbaula imakhala pakhomo chitseko chili chotsegula. Kabaza ndimakwera ndikakhala ndi katundu basi.

Dzulo mwana wanga uja anabwera ndi kope la masamu, ndinasiya sizasi nkukhala naye pansi, tinaona tsamba lililonse mpaka pomwe analakwitsa kugawa. Atatseka kope anandifunsa ngati Loweruka angapite nawo koyenda. Ndamupezera kale nsapato pa kaunjika, zakula pang'ono koma ndi sokosi ziwiri zikwana, ndipo aneba ati iyeyo ndi amene akagogode pa windo lawo.